Za Chisomo cha Mulungu ndi Kudziulula Kwake

Mau olalikidwa ku Chamama, m'dziko la Kasungu. Malembo owerenga: Tito 2:11-14, Machitidwe 14:8-18, Mateyu 20:1-16.

Pali mau awiri amene tiwamva kawirikawiri m'nyumba ya Mulungu, ndipo chifukwa cha kuwamvaimva tawazolowera, monga anthu a pa boma azolowera phiri la Kasungu, osakwezanso maso kuliyang'ana. Mau amodzi ndiwo chisomo, ena ndiwo chivumbulutso. Ana a kalasi awatchula poyankha Katekisima, amai a Chigwirizano awatchula popemphera, akulu a mpingo awatchula pa maliro. Koma tikamfunsa munthu kuti, Chisomo nchiyani? ambiri ayankha kuti ndi mwai. Ndipo chivumbulutso ati ndi maloto. Mayankho awa ali operewera, ndipo pa mpata umene asiya ndi pamene alowera anthu ochenjera, akugulitsa kwa osauka zinthu zimene Mulungu apatsa kwaulere. Chifukwa chake tifuna kulongosola mau awiriwa, kuti mpingo uwadziwe, ndi kuti aphunzitsi a m'midzi akhale nako koyankha.

Polembera Tito, amene anamsiya pa chisumbu cha Krete kuti akonze mipingo, Paulo amanga mau awiriwa ndi luzi limodzi. Anena kuti chisomo chopulumutsa chija chinatulukira poyera, monga dzuwa lituluka m'mawa, ndipo anenanso kuti chisomo chomwecho ndicho mphunzitsi wathu. Tiphunzirapo kuti Mulungu podziulula achita chisomo, pakuti palibe wina anamkakamiza kulankhula. Ndiponso kuti chisomocho sitikadachidziwa akadapanda kuchiulula Iye mwini. Tiyende nazo m'zigawo zinai.

I. Umboni wa m'thambo ndi wa m'munda

Makolo athu sanayambe kumva za Mulungu tsiku limene anafika alendo ndi buku. Anamtcha Chauta, poona uta umene utambalala m'mitambo mvula ikagwa. Anamtcha Namalenga, podziwa kuti dziko silinadzipange lokha. Anamtcha Mphambe, pomva kugunda kwa bingu. Chilala chikakula, mafumu anatumiza mphatso ku Msinja, kwa Makewana, ndipo m'midzi anathira nsembe ya ufa ndi mowa pa kachisi. Kodi nzeru iyi anaitenga kuti? Paulo atiyankha. Pamene anthu a ku Lustra anafuna kupereka nsembe kwa iye ndi Barnaba, anawaletsa, nawauza kuti Mulungu wamoyo anali kuwachitira umboni masiku onse, powagwetsera mvula, powapatsa nyengo za zokolola, ndi powakhutitsa chakudya ndi chimwemwe. Kwa Aroma (1:19-20, 2:14-15) aonjezapo kuti mphamvu ya Mlengi izindikirika m'zimene anazipanga, ndi kuti m'kati mwa munthu aliyense muli chikumbumtima chimene chimtsutsa kapena kumvomereza.

Ife alimi a fodya sitisowa kupita kutali kukafuna umboni umenewu. Taonani njere ya fodya. Ili yaing'ono ngati fumbi, kotero kuti pa galamu imodzi pakhala njere zoposa 10,000, ndipo pofesa pa nazale tiyamba taisakaniza ndi madzi kapena phulusa kuti isagwe pamodzi. Koma patapita miyezi, m'kanjere kaja mutuluka chomera chofika m'chifuwa cha munthu wamkulu, cha masamba otambalala ngati lichero. Ndani anapinda masamba aja m'kanjere kaja? Mlimi athirira, aokera, apalira, athira feteleza. Koma moyo wa m'njeremo sanauikemo ndiye. Chivomerezo cha mipingo ya ku Netherlands, chimene anachilemba Guido de Brès m'chaka cha 1561, chifanizira dziko lonse ndi buku lokoma, ndi zolengedwa zazikulu ndi zazing'ono ngati malemba a m'menemo. Buku limeneli lili lotsegula pa Chamama tsiku ndi tsiku, ndipo angathe kuliwerenga ngakhale iye amene sanagwirepo sileti.

Ichi nacho ndi chisomo. Mvula ikadza kuchokera ku Bua kapena ku Dwangwa sifunsa kuti munda uwu ngwa mkulu wa mpingo, uwo ngwa woledzera. Igwa pa yonse iwiri, monga Ambuye anatiphunzitsa pa Mateyu 5:45. Aphunzitsi a Mau achitcha chisomo cha kwa onse: mpweya umene tipuma, chifundo cha mai kwa mwana, nzeru ya mfumu yoweruza bwino mlandu, ndi dzanja la Mulungu loletsa zoipa kuti zisatimeze.

Komatu buku la zolengedwa lili ndi polekezera. Thambo limene lipatsa mvula ndi lomwelo limene liimana. Ambiri a ife tikumbukira njala ya 2001 ndi 2002, pamene anthu a dziko lino anadya gaga ndi zitsa za nthochi, nalawirira usiku kukaima pa mzera pa msika wa ADMARC wa kuno ku Chamama, ndi kubwerera ena ndi thumba lopanda kanthu. Munthu wokweza maso kuthambo masiku aja akadawerengamo chiyani? Kodi Mulungu andikonda, kapena wanditaya? Thambo silinayankhe. Ndipo funso lina liposa pamenepo: Ine wochimwa ndidzakhululukidwa bwanji? Pa funso ili dzuwa likhala chete, mtsinje ukhala chete, chikumbumtima chingotsutsa koma sichimasula. Ndicho chifukwa chake makolo athu anamyesa Chauta wakutali, napita kwa Iye podzera mwa mizimu, nakhala m'mantha a mfiti ndi a mwabvi. Sitiwanyoza, pakuti anali kufufuza mumdima monga anafufuza anzeru a ku Atene (Machitidwe 17:27), ndipo kuweruza kwao kuli m'dzanja la Woweruza wolungama. Koma wofufuza mumdima afunika nyali.

Vuto silili m'bukumo ai, lili m'maso athu, amene tchimo lawachititsa khungu. John Calvin wa ku Geneva anafanizira ichi ndi nkhalamba ya maso ofooka: mukaiikira buku patsogolo iona kuti palembedwa kanthu, koma singathe kulumikiza mau awiri kufikira mutaiveka mandala. Mandalawo, anatero iye, ndiwo Malembo Oyera.

II. Mulungu walankhula

Si kutali ndi kuno, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, mphepo inaomba zaka zosawerengeka, ikusasula madenga ndi kuuluza fumbi, ndipo anthu anaidziwa monga mphepo chabe. M'masiku a njala ija mnyamata William Kamkwamba, ataleka sukulu chifukwa cha kusowa ndalama, anapeza buku m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya Wimbe, naonamo zithunzi za makina ozungulira ndi mphepo. M'chaka cha 2002 anaimika mitengo ya bulugamu, namangapo zitsulo za njinga ndi mapaipi, ndipo nyali ya magetsi inayaka m'nyumba ya atate ake, ngakhale ena anali atamnena wamisala. Mphepo inali yomwe ija ya kale. Buku ndilo linamtsegula maso kuti aone chimene chinali m'mphepomo. Fanizo ili nlochepa, pakuti bukulo linali la nzeru za anthu; koma litithandiza kumva ntchito ya Buku la Mulungu. Mvula, dzuwa ndi zokolola zikhala zomwe zija. Koma wowerenga Malembo ayamba kuona dzanja la Atate pamene kale anaona mphamvu yopanda nkhope.

Kalata wa kwa Ahebri ayamba ndi kutikumbutsa kuti Mulungu analankhula ndi makolo a Israyeli pang'onopang'ono ndi m'njira zambiri. Anaitana Abrahamu, anauza Mose dzina lake pa chitsamba choyaka moto, anapereka chilamulo pa Sinai, anatuma aneneri. Potsiriza pake analankhula mwa Mwana. Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhani yonse. Chivumbulutso si mndandanda wa zinsinsi za mawa, kapena za amene anatilodza. Ndiko Mulungu kudzipereka yekha kuti adziwike. Mlendo wofika pa mudzi angathe kudziwa kuti mfumu ya pano njolemera, poona nkhokwe zake ndi khola lake. Koma ngati mlendoyo ali ndi mlandu, sadziwa mtima wa mfumu pa iye kufikira mfumuyo itatuluka m'nyumba, nikhala naye pa mphasa, nilankhula. Mwa Yesu Khristu Mfumu inatuluka m'nyumba. Inadya ndi amisonkho, inakhudza akhate, inalira pa manda a bwenzi, inafa pa mtanda, inauka tsiku lachitatu. Wofuna kudziwa mtima wa Mulungu pa iye m'chaka cha njala asayang'ane m'thambo, ayang'ane pa Gologota.

Pa mfundo iyi Akhristu a mipingo yambiri avomerezana. Abale athu a mpingo wa Roma, pa msonkhano wao waukulu wa ku Vatican m'chaka cha 1965, anaphunzitsanso kuti m'chivumbulutso Mulungu adziulula Iye mwini, ndi kuti Khristu ndiye chidzalo chake. Tisiyana nawo pakuti iwo aika mwambo wa mpingo ndi udindo wa ophunzitsa ake pamodzi ndi Malembo, pamene ife a chikonzedwe tinena kuti Malembo okha ndiwo muyeso woyesera mwambo uliwonse ndi mphunzitsi aliyense.

Nanga Mau awa anafika bwanji kwa ife? Palibe mmodzi wa makolo athu analemba kalata kukawaitana. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mvera m'chaka cha 1889. Kuno ku Kasungu anayamba ndiwo a Livingstonia, ndipo dzina la Dr George Prentice likumbukikabe ku Chilanga; kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920 anapereka dera lino kwa a Dutch, ndipo m'chaka cha 1926 a ku Nkhoma analowa m'mpingo wa CCAP. M'chaka cha 1922 linatuluka Buku Lopatulika lathunthu m'chinenero chathu, ntchito ya zaka zambiri ya W. H. Murray ndi anzake, akuda ndi oyera. Alendo aja anali mbiya zadothi, okhala ndi zofooka zao ndi za mtundu wao; ndipo m'midzi yambiri Uthenga sunafike pa phazi la mzungu, unafika pa phazi la mphunzitsi wakuda, wonyamula sileti ndi kabuku, wolandira malipiro ochepa. Chuma chinali m'mbiyamo ndicho tiyamika. Taganizani: Mulungu wa Abrahamu alankhula Chichewa, ndipo gogo wa ku Chamama amva m'chinenero cha amake kuti machimo ake akhululukidwa. Ngati ichi si chisomo, nchiyani?

Koma kukhala nalo Buku m'nyumba sikukwanira. Alembi a ku Yerusalemu analidziwa pamtima, namkana Iye amene Bukulo linamlozera. Pamene Petro anavomereza kuti Yesu ndiye Khristu, Ambuye anamuuza kuti nzeruyo sinachokere kwa anthu, anampatsa ndi Atate (Mateyu 16:17). Pafunika Mzimu Woyera kuti atsegule mtima, monga anatsegula wa Lidiya ku Filipi. Ndipo kwa Nikodemo Ambuye anafanizira Mzimuyo ndi mphepo, imene munthu aimva kuwomba koma sailamulira (Yohane 3:8). Makina a ku Masitala sapanga mphepo. Mnyamatayo anangoimika mapiko pamalo pamene mphepo idutsa. Momwemonso ife. Sitingathe kumlamulira Mzimu, koma tidziwa pamene alonjeza kudutsa: pa Mau owerengedwa ndi olalikidwa, pa pemphero, pa ubatizo ndi pa Mgonero. Wokhala kutali ndi izi asadabwe ngati nyali yake siyaka.

III. Chisomo si malipiro, si ngongole, si mwai

Tonse tidziwa ganyu. Munthu alima mizere yakuti, alandira ndalama kapena mbale ya ufa monga anapangana. Ndipo polandira sagwada kuthokoza kwambiri, pakuti ndi thukuta lake. Pa Mateyu 20 Ambuye anena za mwini munda amene analemba aganyu m'mawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka, ndipo madzulo anawalipira onse chimodzimodzi. Oyamba aja anang'ung'udza, ndipo tikanena zoona mtima wathu uli nawo, pakuti m'minda yathu sizitero. Koma mwini munda sanambere wina aliyense. Woyamba analandira zimene anapangana. Wotsiriza analandira zimene ana ake anasowa usiku umenewo. Ufumu wa Mulungu uyenda ndi ubwino wa Mwini munda, ndipo tikadziyesa bwino tidzapeza kuti tonse ndife aganyu a madzulo.

Tidziwanso buku la ngongole. Pa maesiteti a fodya a dziko lino anthu ambiri anagwira ntchito monga matenanti. Chitini chilichonse cha chimanga, thumba lililonse la feteleza, khasu ndi mchere, zonse zinalembedwa m'buku. Ndipo fodya atagulitsidwa, mwini esiteti anayamba wachotsa zake, kotero kuti ena anagwira ntchito chaka chathunthu nabwerera kwao chimanjamanja, ena natsala ndi ngongole ya chaka chamawa. Boma linaletsa mchitidwe umenewu ndi lamulo m'chaka cha 2021, koma m'mitima ya Akhristu ambiri bukulo likalipo. Amyesa Mulungu mwini esiteti wokhala ndi pensulo m'dzanja: apa ndinaphonya Sabata, apa ndinapereka chopereka, kapena pa tsiku lowerengera zidzalingana. Abale, sizidzalingana. Ngongole yathu iposa mabelo athu onse. Uthenga Wabwino ndi uwu, kuti Mwini anatenga tsamba la ngongole yathu nalikhomera pa mtanda wa Mwana wake (Akolose 2:14). Kwa ife nkwaulere. Kwa Iye kunadya mwazi.

Akulu anati, Kupatsa nkuika. Ndipo pakati pa anthu mwambiwu uli woona, pakuti wopatsa mnzake lero ayembekeza kuti tsiku la tsoka lake adzakumbukiridwa. Koma Mulungu sakhala ndi tsiku la tsoka, ndipo sasowa kanthu kathu. Apatsa chifukwa ali wabwino. Ndiponso chisomo chisiyana ndi mwai. Mwai ulibe nkhope, ulibe lonjezano. Lero uli kwa uyu, mawa kwa uyo. Chisomo ndi mtima wa Atate wotembenukira kwa mwana wosayenera, ndipo mtima umenewo susinthika ndi mtengo wa fodya. Wogulitsa bwino asanene kuti, Mulungu andikonda koposa mnzanga. Ndipo iye amene mabelo ake abwezedwa asanene kuti, Chisomo chandichokera. Ku Chinkhoma ndi ku Kanengo wogula ayang'ana tsamba, aona mtundu wake ndi kutalika kwake, naika mtengo monga mwa giredi. Mulungu sagula anthu potsata giredi. Analandira wachifwamba pa mtanda, amene analibe tsamba ngakhale limodzi labwino loonetsa.

Chiphunzitso ichi mpingo unachilimbanira kuyambira kale, ndipo nkhondo yake yoyamba yaikulu inachitikira m'Afrika muno. Cha m'ma 400 kunali ku Roma mphunzitsi wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, munthu wa makhalidwe odziletsa, amene anamva chisoni poona ulesi wa Akhristu. Anaphunzitsa kuti munthu ali nayo mphamvu ya kusunga malamulo a Mulungu ngati afunitsitsa, ndi kuti chisomo ndicho makamaka chilamulo, chikhululukiro cha zakale ndi chitsanzo cha Khristu. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero litchedwa Algeria, anamyankha kuti kufuna kwathu komweko ndiko kudwala. Munthu wothyoka mwendo simumchiritsa pomsonyeza njira, afunika womnyamula ndi womchiza. Msonkhano wa ku Carthage m'chaka cha 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Patapita zaka zoposa 1,000, m'chaka cha 1517, Martin Luther anatsutsa malonda a zikalata za chikhululukiro ku Germany, naphunzitsa kuti munthu ayesedwa wolungama mwa chisomo, mwa chikhulupiriro, popanda kudzigulira. Katekisima wa ku Heidelberg wa 1563, amene mipingo yathu yamwapo madzi ake, agawa chiphunzitso chonse patatu: tsoka lathu, chipulumutso chathu, ndi kuyamika kwathu. Yang'anirani malo a ntchito zabwino m'dongosolo limeneli: zidza pa chigawo chachitatu, osati pa chachiwiri.

A mpingo wa Roma, pa msonkhano wa ku Trent m'chaka cha 1547, anavomereza kuti chisomo ndicho chiyamba, koma ananenetsa za kugwirizana kwa munthu nacho, ndi za mphotho ya ntchito zake. Ndipo pa ichi mipingo inatsutsana zaka mazana anai ndi kuposa. Pa 31 October 1999, ku Augsburg, a Roma ndi a Lutheran anasaina pamodzi chikalata chovomereza kuti tilandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndi kuti Mzimu ndiye atikonzekeretsa kuchita zabwino. Ndipo bungwe la mipingo ya chikonzedwe ya pa dziko lonse linalowamo m'chaka cha 2017 ku Wittenberg. Kusiyana kwina kukalipo, ndipo sitikubisa; koma pa chitsime kapena pa maliro tisanamizire mnansi wathu za chimene sakhulupirira.

Wina adzati, Ngati nkwaulere, ndichimwe monga ndifuna. Iai. Kumbukirani kuti kwa Tito chisomo chitchedwa mphunzitsi, ndipo phunziro lake ndilo kukana zoipa ndi kukhala odziletsa, olungama ndi opembedza. Mphunzitsi ameneyu alowa m'chigafa ndi pa jeke. Munthu amene Mulungu wamlandira monga ali sasowanso kubisa masamba oola pakati pa belo ndi kuika okoma pamwamba. Munthu amene ngongole yake yafafanizidwa sangamkanikize waganyu wake pa muyeso wa ufa. Sachotsa mwana pa sukulu kuti asoke fodya. Ndipo akalandira ndalama za ku okushoni sasowa pa mudzi mwezi wathunthu, nabwera ndi malaya atsopano ndi matumba opanda kanthu, mkazi amene anathyola naye fodyayo alibe ndi chitenje chomwe. Ntchito izi sizigula chisomo. Zisonyeza kuti chinafika.

IV. Kuyesa mavumbulutso

Masiku ano achuluka anthu onena kuti, Mulungu wandionetsa. Sitikana kuti Mulungu angathe kumdzutsa munthu ndi loto, kapena kumlemetsa mtima kuti apempherere mnzake. Koma mtumwi Yohane atilamula kuyesa mizimu (1 Yohane 4:1-3), ndipo a ku Bereya anatamandidwa chifukwa anayesa ngakhale mau a Paulo ndi Malembo. Miyeso yake ndi iyi.

Choyamba, kodi mauwo avomerezana ndi Malembo? Mulungu sadzitsutsa. Paulo anauza Agalatiya kuti ngakhale mngelo atabwera ndi uthenga wina, asamlandire.

Chachiwiri, kodi akweza ndani? Mzimu Woyera alozera kwa Khristu. Pamene anthu atuluka m'msonkhano akutchula dzina la mneneri koposa dzina la Yesu, pamenepo pali kanthu kokhota.

Chachitatu, kodi pali mtengo wake? Elisa anakana mphatso za Namani, kuti Msiriyayo abwerere kwao akudziwa kuti Mulungu wa Israyeli achiritsa kwaulere. Gehazi anathamangira mphatsozo natenga khate. Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, ndipo Petro anamdzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-23). Tsono wina akakuuzani kuti mugule madzi kapena mafuta odalitsidwa, kapena kuti mupereke ndalama yakuti kuti fodya wanu akagulidwe bwino, dziwani kuti chogulitsidwa chaleka kukhala chisomo. Chopereka cha Mkhristu ndi chiyamiko. Si chiphuphu chopatsa Mulungu.

Chachinai, kodi zipatso zake nzotani? Chivumbulutso chimene chiloza gogo wa pa mudzi kuti ndiye mfiti, chimene chilekanitsa mwana ndi amake, chimene chiuza wodwala kuti ataye mankhwala a ku chipatala, sichichokera kwa Iye amene anadza kudzapulumutsa. Ndi mantha akale omwe aja atavala jekete yatsopano. Ndipo wolosera zinthu zimene sizichitika, chilamulo cha Mose chinena kale kuti tisamuope (Deuteronomo 18:22).

Kwa inu aphunzitsi ndi akulu a m'midzi tinena ichi. Ntchito yanu ndiyo kuveka anthu mandala. Phunzitsani ana kuwerenga, kuti asadalire pakamwa pa munthu wina pofuna kumva Mulungu wao. Pophunzitsa kalasi musakhutire ndi yankho loloweza. Funsani mwana kuti alongosole chisomo ndi mau ake, ndi fanizo la pa khomo pao. Musaphunzitse malamulo a mpingo m'njira yakuti ana ayese kuti Mulungu ndi mwini buku la ngongole. Yambani ndi zimene Iye anachita, ndipo zimene tiyenera kuchita zidze pambuyo. Woikidwa pa chilango muzimyendera, pakuti chilango cha mpingo ndi ndodo ya mbusa yobweza nkhosa. Ndipo mukaitanidwa kwa wodwala amene aopa kufa chifukwa cha zochimwa zake, musamwerengere ntchito zake zabwino pomtonthoza, pakuti iye adziwa kuti nzochepa. Muuzeni za Khristu.

Ndipo kwa inu nonse: akulu anati, Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ambiri anyamula Uthenga uwu pa chala zaka zambiri. Aumva Sabata ndi Sabata, auyamikira, koma sanaulandire. Wina ati, Ndiyambe ndakonza moyo wanga, pamenepo ndidzabwera. Kodi wodwala ayamba wachira kuti apite ku chipatala? Wina ati, Ndachedwa, dzuwa lapendeka. Mwini munda akali kutuluka kunka kumsika ngakhale madzulo. Idzani monga muli, ndi manja opanda kanthu, pakuti manja otere ndiwo akhoza kulandira. Ndipo Mulungu amene anatichitira umboni ndi mvula, natilankhula mwa Mwana wake, atsegule mitima yathu ndi Mzimu wake, kuti timdziwe, timkonde ndi kumtumikira mokondwera. Amen.